Goloboyi wathu anakwera lole

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Abale anga, ndakhala kumbuyoko chiyambire m'mawa ndikumvetsera kung'ung'udza kwanu. Ligi yathu yaika malire pa ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake sizoni ikubwerayi, ndipo ambiri mwa inu mwakwiya. Ena mwati malirewo ndi nsanje ya matimu osauka. Bambo aja a jekete lofiira anena kuti iwo ali ndi munthu wamkulu amene walonjeza kuwathandiza, ndiye pepala la ligi lisawamange manja. Bambo, mawu anuwo ndawadziwa, chifukwa zaka zingapo zapitazo ankatuluka pakamwa panga.

Ine ndine Filimoni wa ku Mitundu. Kwathu amanditcha a Maloto, ndipo dzinalo sindinalitole panjira. Ndinali msungichuma wa timu ya Mphenzi. Ndinadya ndalama za timu, ndinamwa kachasu mpaka kugona m'ngalande masanasana, ndipo munthu wina wosalakwa anasamuka pamudzi ndi banja lake chifukwa cha ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti musamadikire kumapeto n'kumati kodi mkuluyu akufuna kutiuzanji.

Timu yathu inali ndi munda wake. Ndikuona ena mukumwetulira, koma ndi mmene tinkalipirira anthu. Zaka zimenezo alimi wamba tinali titangololedwa kulima fodya woyanika m'chigafa n'kumakagulitsa ku okushoni kudzera m'makalabu. Tcheyamani wathu, aphunzitsi a Mwale, anabwereka munda kufupi ndi dambo, nalamula kuti aliyense wofuna kuvala jezi ya Mphenzi azibwera ndi khasu Lolemba ndi Lachinayi m'mawa. Matimu ena ankatiseka kuti ife masewera athu olimbitsa thupi ndi kupalira ndi kubandira. Koma sizoni ikayamba, wosewera wa Mphenzi ankalandira kake mwezi ndi mwezi, pamene otisekawo ankangolandira zikomo ndi nzimbe.

Lamulo la aphunzitsi linali limodzi. Fodya akadindidwa, komiti yonse inkapita kuchigafa kukawerenga mabelo ndi maso. Belo loyamba linali la munda, logulira feteleza ndi mbewu ya chaka chamawa, losakhudza ngakhale patagwa maliro. Lachiwiri linali la maulendo, mipira ndi woyimbira. Otsalawo ndiwo anali malipiro a osewera onse kwa sizoni yonse, ndipo malire athu anali pamenepo. Ankandiuza kuti, "A Filimoni, munthu asalonjezedwe tambala imene simunaione ikulendewera m'chigafa muno." Chaka chimene ndikunenachi tinadinda mabelo asanu ndi awiri, ndiye kuti asanu anali oti agawane osewera khumi ndi asanu ndi atatu.

Pakati pa osewerawo panali goloboyi wathu, Gidiyoni. Sanali mnyamata ayi. Anali bambo wa ana atatu, mkamwini pamudzi wa akazi ake, munthu wa mawu ochepa ndi zikhato zazikulu ngati lichero. Kumunda wa timu ankafika woyamba, kuchoka womaliza. Chimanga chake chinali chitapsa ndi ng'amba, ndipo apongozi ake anali atayamba kuyankhula mokuluwika. Tsiku lina, fodya tikusankha, anabwera kwathu nakhala pakhonde.

"A Msungichuma," anatero, "gawo langa musamandipatse mwezi ndi mwezi ayi. Mundisungire mpaka Seputembala. Ndikamatenga pang'onopang'ono zithera mchere ndi sopo. Ine ndikufuna matumba awiri a feteleza. Ndikalephera chaka chino, ndiye kuti ine ndi banja tikwera lole ya matenanti."

Mukuwadziwa malole aja amene amabwera pamsika chilimwe chikamatha, kudzatenga mabanja okalima fodya wa eni maesiteti ku Kasungu ndi ku Mchinji. Munthu amakwera ndi mphika ndi mphasa, tsiku lobwerako osalidziwa. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, ndalama yanu ili m'manja mwa Mulungu ndi mwa ine." Anaseka pang'ono n'kunena kuti m'manja mwa Mulungu mokha mukadakwanira, koma poti kumwamba n'kutali, ndilembe m'buku. Ndinalemba iye akuona.

Tsopano ndikuuzeni za matenda anga. Ine chibadwire ndimaona zinthu zimene palibe. Bwalo lathu linali lafumbi, lopendekera kumadzulo, zigoli zake za mitengo ya bulugama yokhota. Koma ndikaima pakona dzuwa litapendeka, mapiri a Dzalanyama akuoneka uko, ine ndinkaona masitepe a sitediyamu atadzaza anthu mpaka pamwamba. Ndinkamva phokoso lawo likubwera ndi mphepo. Ndinkamva wolengeza mpira pa wailesi akukuwa dzina la Mphenzi mpaka mawu kusasa, ndipo penapake ankatchulanso ine, kuti zonsezi ndi nzeru za bambo Filimoni. Mbuzi zikudutsa pakati pa bwalo, ine ndinkaona apolisi operekeza chikho. Maloto otere si tchimo, koma wolota wotere sayenera kusungitsidwa makiyi a bokosi la ndalama yekha. Akazi anga a Nambewe ankati ndikamadya ndimatafuna ngati munthu amene thupi lili pano koma mwini wake anachokapo.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo sindinali ndekha, dziko lonse linkalota. Magalimoto a zokuzira mawu ankadutsa mumsewu akulonjeza chilichonse, ndipo anthu tinkayenda mitu ili m'mwamba ngati kugwa mvula ya shuga. Loweruka lina, tikusewera mpira wopimana mphamvu sizoni isanayambe, panafika bwana wina pa pikapu, mmodzi mwa ambiri amene ankafuna uphungu. Dzina ndi chipani sinditchula, poti ngakhale pa pepala lovotera sanafikepo. Nthawi yopuma anakwera kumbuyo kwa pikapuyo n'kulengeza kuti timu iyi waitenga iye. Majombo, jezi zatsopano, malipiro ngati a m'tauni, ngakhale magetsi pabwalo. Anaponya mpira umodzi watsopano, amayi n'kuimba nthungululu. Pochoka anandigwira phewa nati, "Inu ndinu a zachuma? Pezani osewera abwino, za ndalama musiyire ine."

Aphunzitsi a Mwale anangoti, "Mpirawu tilandire poti taugwira. Zinazo, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo." Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Koma popita kunyumba ndinkayenda pansi pa magetsi a bwana aja, atayaka kale, ndipo pamene panali fumbi ndinkaponda kapinga wobiriwira. Ndinadutsa pakhomo panga osazindikira, a Nambewe n'kuchita kundiitana.

Lolemba, anzanga akusankha fodya kuchigafa, ine ndinapalasa njinga kubwera kuno ku Nathenje. Kuno kunali wogoletsa zigoli wina amene ankamutcha Sipokosi chifukwa cha kuonda kwa miyendo. Akuluakulu muli muno mukumukumbukira. Munthu uja akathamanga ndi mpira zinkaoneka ngati sakuponda pansi. Ndinamupeza pa siteji akuitanira minibasi. Ndinamugulira tiyi ndi sikono, n'kumufunsa kuti akufuna zingati pamwezi. Anatchula ndalama yofanana ndi magawo a anthu anayi. Mukuganiza kuti ndinanenerera? Ndinawonjezera ndi yoyendera. Anati ali ndi anzake awiri amene popanda iwo mpira sumufika kumapazi. Ndinati nawonso abwere. Pa kapu imodzi ya tiyi ndinalonjeza mabelo atatu amene kuchigafa kunalibe. Komiti ndinaiuza kuti atatuwa azilipidwa ndi bwana uja, bokosi lathu sakhudza.

Bwana uja sanapite patali. Chipani chake chomwe chinasankha munthu wina, ndipo pikapu sinaonekenso. Ine ndinati munthu wamkulu sameza mawu ake. Ndinapita kawiri kunyumba kwake m'tauni, mlonda n'kumandiuza pa geti kuti abwana ali kumsonkhano, galu akundiuwa. Mwezi unatha, Sipokosi anatambasula dzanja. Ndinatsegula bokosi n'kuyang'ana kuti ndalama imene mwini wake sabwera kudzaifunsa mawa ndi iti. Inali ya Gidiyoni. Abale anga, ndalama yosavuta kudya ndi ya munthu amene wakukhulupirira. Ndinadziuza kuti ndangobwereka, ndibweza bwana akatulukira.

Choipa kwambiri n'chakuti tinkapambana. Sipokosi ankagoletsa Loweruka lililonse, Gidiyoni atatseka pagolo kuti ngakhale ntchentche isadutse. Anthu ankandinyamula m'mapewa, ndipo munthu amene wanyamulidwa sakumbuka kuwerengera. Mwezi wachiwiri ndinatsiriza za Gidiyoni n'kulowa belo la maulendo. Wachitatu ndinathyola belo la munda, lija losakhudza. M'buku ndinkalemba manambala okongola, olondola ngati a mwana wokhoza masamu. Koma magetsi anga aja anayamba kuzima limodzi limodzi, ndipo ndinatulukira kuti ndikamwa kachasu amayakanso. Kuseri kwa msika wa Mitundu kunali mayi wina wotcheza kachasu, ndipo kumeneko ndi kumene kunasanduka ofesi yanga. Kunyumba ndinkati ndili ku komiti, mpaka tsiku lina a Nambewe anandiyankha kuti, "Bambo a Chisomo, komiti yanuyi ikununkha."

Mwezi wachinayi bokosi linauma. Sipokosi ndi anzake anakwera minibasi ya ku Lilongwe atavala majombo a timu. Osewera athu enieni, amene anabandira fodya uja, sanalandire kanthu. Loweruka lotsatira pabwalo panabwera osewera athu asanu ndi mmodzi okha, woyimbira n'kupereka mapointi kwa alendo. Aphunzitsi anaitanitsa buku, ine n'kudwala malungo abodza.

Seputembala itafika, Gidiyoni anabwera katatu. Koyamba ndinati ndalama zili kubanki, siginecha yavuta. Kachiwiri ndinati buku latengedwa ndi aphunzitsi. Kachitatu ndinamuonera patali n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, ndikumumva akufunsa a Nambewe mwaulemu ngati bambo alipo. Kachinayi sanabwere.

Linali tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditamwa chiyambire m'mawa, ndipo ndinagona m'ngalande youma pambali pa msewu, chipewa kumaso. M'mutu mwanga munali fainolo. Bwalo litadzaza, magetsi akuwala, Mphenzi ikutsogola ndi zigoli ziwiri, ine nditakhala pampando wa alendo olemekezeka nditavala suti. Penapake injini inkalira, ndipo ndinkati ndi basi ya timu yathu ikudikira kutitenga ndi chikho. Kenako wina anandigwedeza phazi.

"A Msungichuma."

Ndinachotsa chipewa. Anali Gidiyoni, ataima pakati pa ine ndi dzuwa. Kumbuyo kwake kunali lole, injini ikulira, mabanja atakhala pamitolo pamwamba pake. Ndinaona akazi ake atabereka wamng'ono. Ana awiri akuluwo anagwirizira mphasa yokulunga, ndipo pamapazi pawo panali nkhuku imodzi yomanga miyendo. Wamng'ono uja ankayamwa chala, akuyang'ana anthu a pamsika.

Ndinakhala tsonga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambenso za banki zija, koma iye anakweza dzanja pang'ono, monga ankachitira pouza otchinga kumbuyo kuti mpira uwu ndi wanga, usiyeni.

"Musavutike," anatero. "Ndinakufunani kunyumba, mayi anati mwina muli kuno."

Ananjuta. Anatulutsa m'jumbo jezi ya goloboyi, yochapa, yopinda bwino, ndi magulovu okhawo amene timu inali nawo, zala zake atazisoka ndi ulusi wosokera mabelo. Anaziika pamwendo panga.

"Izi ndi za timu. Mulembe m'buku kuti ndabweza zonse, anthu angadzati Gidiyoni anathawa ndi katundu."

Abale anga, akadanditukwana ndikadapepukidwa. Akadandiomba ndi chikhato chija ndikadati tafanana. Koma munthu amene ndinamudyera feteleza wake anazungulira msika wonse, lole ikumudikira, kuti dzina lake lisade m'buku langa, buku labodza lija. Ndinayang'ana jezi yochapa, ndinayang'ana malaya anga a fumbi ndi masanzi. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze bwino. Ndinafuna ngalande ija itseguke indikwirire.

"Achimwene," ndinatero, "ndalama zanu ndinadya."

"Ndinadziwa," anayankha. "Ndinadziwa tsiku lija munabisala kunkhokwe. Mapazi anu ankaoneka pansi."

Sanaseke, sanakwiye. Anangonena ngati munthu amene akukuuza kuti kunja kukubwera mvula. Dalaivala analiza hutala. Gidiyoni anaimirira, napukuta mawondo, nakwera lole ija ndi kulumpha kumodzi kokha, kulumpha kwa goloboyi. Anakhala pambali pa akazi ake, nalandira nkhuku ija kuika pamiyendo. Lole inanyamuka. Ine ndinakhala m'ngalande muja mpaka fumbi lonse litakhazikika. Ndinayang'ana ku Dzalanyama kufuna masitepe aja ndi anthu aja, koma kunali mapiri basi, ndi utsi wa owotcha makala. Ndinalira mokweza ngati pamaliro, amayi ogulitsa tomato akundiyang'ana.

Sindinadzuke pamenepo ndili mngelo ayi, koma ndinadzuka. Ndinapita molunjika kusukulu, jezi ili m'manja, n'kudikira pansi pa mtengo mpaka belu litalira. Aphunzitsi a Mwale ndinawauza zonse, kuyambira tiyi wa ku Nathenje mpaka lole. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, kenako anati, "Zomwezi mukazinene pamaso pa osewera. Ndalama sizinali zanga." Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinaima pakati pa bwalo n'kuwerenga manambala enieni, tambala ndi tambala. Wina anandigenda ndi jombo, ndipo anandipeza. Ena ankati kupolisi basi. Kapiteni wathu anati, "Kundende sikumera fodya. Munthuyu alime." Mlandu unathera pamenepo.

Choyamba chinali kubweza belo la munda, chifukwa mvula sidikira wolapa. Ndinagulitsa njinga ija inanditengera ku Nathenje, ndinagulitsa wailesi, sizinakwane. A Nambewe anamasula mbuzi zawo ziwiri nati, "Izi ndi zanga, ndikukubwerekani, sindikukupatsani, ndipo mulembe." Tinagula feteleza wochepa, koma munda sunagone. Kuyambira kuthirira nazale ndi makeni m'mawa ndi madzulo, kuwokera, kuthyola, kusoka, mpaka kudinda, ine ndinalipo tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, ndipo fodya wa m'munda mwanga ndinkapereka theka. Manja amene anazolowera cholembera anatuluka matuza. Sizoni imeneyo Mphenzi inathera kumapeto kwa ligi, ndipo ya chaka chotsatira osewera anavomera kulandira zochepa kuti ngongole zithe.

Za mowa ndisakunamizeni, ndinagwanso kawiri. Kachiwiriko a Nambewe anamanga katundu wanga mu chitenje n'kuika panja, kundikumbutsa kuti pamudzipo ndine mkamwini. Chimene chinandithandiza si mphamvu zanga ayi. Njira ya kuseri kwa msika ndinaisiyiratu, ngakhale inali yachidule. Ndalama m'thumba sindinkayenda nayo yoposa ya mchere. Ndipo ndinauza akulu a mpingo awiri kuti akandiona ndikukhotera uko andiitane ndi dzina, mokweza, anthu onse amve. Anandiitana kangapo, ndipo msika wonse unkaseka.

Komiti inasintha kachitidwe, ndipo izi ndi zimene ndikufuna mupite nazo. Bokosi linakhala la maloko awiri, kiyi wina kwa msungichuma, wina kwa kapiteni. Malire a malipiro tinayamba kuwalemba ndi choko pa thabwa lopachika pakhomo la chigafa, dzina la wosewera aliyense ndi gawo lake pambali, kuti ngakhale wodutsa ndi ng'ombe awerenge. Tikafuna wosewera watsopano wodula, sagamula munthu mmodzi pa tiyi. Osewera onse amakhala pansi n'kuuzidwa kuti kubwera kwa uyu kudula chakuti pa gawo la aliyense, mukuti bwanji? Mudzadabwa, nthawi zina amavomera, chifukwa nawonso amafuna kupambana. Koma amavomera akudziwa. Wofuna kusungitsa gawo lake timamuperekeza ku positi ofesi akatsegule buku la dzina lake, sitisunganso za munthu m'nyumba. Ndipo lonjezo la munthu wamkulu, kaya ndi wa ndale, kaya ndi wa sitolo, timaliombera m'manja, timalithokoza, koma pa thabwa sililembedwa mpaka titaligwira.

Mukufunsa ngati ndinasiya kulota? Ayi ndithu. Mpaka lero ndikaima pakona ndimaona magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimawanena mokweza pamsonkhano wa komiti, anzanga n'kuseka, kapiteni n'kufunsa kuti magetsi amenewo ndi mabelo angati. Patatha zaka ziwiri anandibwezera kiyi mmodzi. Ndinakana, koma aphunzitsi anati palibe amene amaopa bokosi lija kuposa ine.

Ndalama ya Gidiyoni inakwana pa kholola lachiwiri. Komiti inawonjezerapo ya basi ya anthu asanu, kuti ndikawatenge onse abwerere kwawo, poti pagolo pathu pankangolowa zigoli. Ndinanyamuka m'mawa mtima uli m'mwamba, ndipo mukudziwa kale zimene ndinkaona pawindo la basi. Ndinkaona Gidiyoni akutsika pa Mitundu, anthu atafola mbali zonse za msewu, ng'oma zikulira, iye akulowa m'bwalo ana ake atatu akuthamanga pambuyo.

Ku Kasungu ndinafunsira esiteti ndi esiteti masiku awiri. Ndinamupeza pa chigafa chachitali chosaoneka mathero, atakhala pansi akusankha fodya wa eni ake. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Anandilonjera ngati tinasiyana dzulo, natuma mwana kukanditungira madzi. Ndinamupatsa envulopu. Anawerenga kamodzi, pang'onopang'ono, nati, "Zakwana. Zikomo a Msungichuma."

Ndinatulutsa ndalama ya basi n'kumuuza uthenga wa komiti. Kenako anaimirira nati ndimutsate. Tinadutsa timanyumba taudzu ta matenanti, n'kulowa m'kathengo kakang'ono kuseri kwa chulu. Panali timitumbira tingapo, ndipo anaima pa kamodzi kamene kanali kosesedwa bwino.

"Wamng'ono uja," anatero. "Mvula yoyamba yomwe ija. Thupi linatentha, chipatala kuno n'kutali, thalakitala inali itapita kwina. Yopita naye kwathu tinalibe, tinamuika pompano. Mayi ake amabwera kudzasesa Loweruka lililonse. Akuti sangamusiye yekha pakati pa alendo."

Koma ine ndimadziwa kuti kuchokera pamudzi wa akazi ake kukafika kuchipatala cha Mitundu ndi ulendo woti munthu wa miyendo ngati Gidiyoni akadathamanga mwana ali m'manja, n'kufika thukuta lisanaume. Ndinagwada pamenepo. Ndinafuna kupempha chikhululuko, koma mawu aliwonse amene ndinawapeza anali aang'ono.

Anandiperekeza mpaka kumsewu. Tikudikira basi anafunsa kuti pagolo pali ndani masiku ano. Ndinamutchulira. Anagwedeza mutu nati, "Mumuuze asamatsinzine mpira ukamabwera." Basi itafika anandinyamulira chikwama mpaka pakhomo, ndipo ndinakwera ndekha.

Lolemba ndinapita ku komiti n'kuika patebulo ndalama ya basi ya anthu asanu, yosakhudza. Aphunzitsi anawerenga, nandiyang'ana. M'buku la timu ngongole yanga inatha tsiku limenelo, ndipo anadula mzere pansi pake ine ndikuona. Inayo, ya kuseri kwa chulu, ndakhala ndikufunafuna woti ndimubwezere, sindinamupeze. Ndikhale pansi, a tcheyamani.